Mtanda wa Benedicta

Mudzi wa Kalonje
Ludzi, Mchinji
12 Juni 1998

Okondedwa achimwene a Timoteyo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nairobi kumeneko ndipo maphunziro akuyenda. Kuno amayi ali bwino, kupatula mwendo uja umawavuta kukazizira. Amuna anga a Stefano akupereka moni. Mtedza takumba, wabereka ndithu chaka chino, koma sindinatenge cholembera kuti ndikuuzeni za mtedza.

Achimwene, ndinali woyembekezera. Sindinakuuzeni chifukwa mukudziwa nokha kuti zoterezi sitiuza alongo athu, makamaka m'kalata. Pa 29 Meyi ndinachira, mwana wamkazi, patatsala mwezi wathunthu kuti masiku akwane. Anali wamng'ono zedi koma analira, anayamwa, anatsegula maso. Anakhala nafe masiku asanu. Tsiku lachisanu m'mawa anasiya kuyamwa, ndipo pofika masana anali atatisiya.

Ndisanatsegule n'komwe pakamwa kuti ndilire, analowa amayi ndi azamba athu a Naphiri, kumbuyo kwawo ntchembere zina zitatu. A Naphiri anandigwira pakamwa n'kunena kuti, "Usalire. Si maliro awa, ndi nthayo." Akuti poti mchombo unali usanagwe ndipo tinali tisanatuluke m'chikuta, sanali munthu. Akuti anali mlendo amene anangosuzumira pakhomo n'kubwerera.

Anamukulunga m'chitenje changa chakale n'kupita naye kuseri kwa manda, kumene manda amathera ndipo dambo limayambira, pafupi ndi mkuyu uja tinkatola nkhuyu tili ana. Dzenje lake losafika m'mawondo, akuti akakumba mozama akwirira mimba yanga, sindidzaberekanso. Panalibe nyimbo, panalibe pemphero, panalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe. A Stefano anauzidwa kuti apite kudimba ngati tsiku lina lililonse, ndipo anapitadi, anakakhala pa chitsa mpaka madzulo osagwira khasu. Ine anandiletsa kutuluka. Ndinatuluka. Ndinawatsatira chapatali, magazi akutsikabe, ndipo malowo ndinawaona.

Pali chimene ntchembere zija sizikudziwa. Nditaona kuti mpweya wake ukuchepa, ndinatenga madzi m'kapu n'kumuthira pamutu, monga anatiphunzitsira masisitere kuti pangozi aliyense angathe kubatiza. Ndinamutcha Benedicta. Ndiye dzina ali nalo, kaya wina afune kaya asafune.

Tsono pempho langa nali. Inu ndinu malume ake, mwini mbumba yathu kuyambira pamene atsibweni anamwalira. A Stefano ndi mkamwini, akati ayankhule amawakumbutsa kuti mudzi uno si wawo. Lembani kalata kwa amayi, yoti akawerengere ntchembere, munene kuti mwalola ndikaike mtanda wolembedwa dzina pamene wagona mwana wanga. Sindikupempha ndalama kapena nsalu. Matabwa alipo, misomali ilipo. Ndikupempha mawu anu okha, chifukwa inu akumverani, amati ndinu wophunzira.

Yankhani msanga.

Ndine mlongo wanu,
Keziya


Nairobi
15 Juni 1998

Mlongo wanga Keziya,

Moni kwa iwe, kwa amayi ndi kwa alamu anga a Stefano. Miyezi iwiri yapita osamva za kumudzi. Kodi makalata akusochera kusukulu kuja timalandilirako, kapena ndi ulesi wako uja wa m'kalasi? Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira ndipo ndalakalaka chiponde cha amayi.

Ndili ndi ntchito yoti undigwirire. Monga ukudziwa, ndikulemba buku lomalizira maphunziro anga, ndipo mutu wake ndi funso limene mwana angaliseke koma anthu ophunzira alimbana nalo zaka mazanamazana: kodi munthu n'chiyani? Mabuku amene amatipatsa kuno, ambiri olembedwa ndi azungu, amati munthu amabadwa ali kale munthu wathunthu, payekha. Ine ndikuwatsutsa, ndipo aphunzitsi anga akondwa nazo. Ndikuti kwathu umunthu umabwera pang'onopang'ono, monga timamangira nyumba. Mwana atuluke m'chikuta, apatsidwe dzina, akule, avinidwe, akwatire, abereke. Pa chilichonse mwa izi abale ndi anansi amamuwonjezera umunthu. Anthu ndiwo amaupereka, munthu sabadwa nawo m'manja.

Umboni wanga waukulu ndi nthayo. Mzungu akamva kuti khanda lomwalira m'chikuta sitilirira, amati ndi nkhanza. Ine ndikuti ndi nzeru zakuya, ndiponso chifundo. Makolo athu anaona kuti makanda amafa kawirikawiri, ndiye anamutchinjiriza mayi kuti asasweke mtima chifukwa cha amene sanamudziwe n'komwe. Koma ine ndine mwamuna, zimenezi ndinangozimvera kutali. Iwe ntchembere zingakuuze. Pita kwa a Naphiri, uwatengere kasopo, uwafunse mwaulemu mafunso awa:

1. Kodi mwana amayamba liti kuwerengedwa kuti ndi munthu?
2. Nthayo amaika kuti, ndipo amaika ndani?
3. Chifukwa chiyani mayi salira?
4. Kodi n'zoona kuti mayi amaiwala msanga?

Ulembe mawu awo enieni, usakometse. Ukandithandiza, dzina lako ndidzalilemba patsamba loyamba la bukuli, anthu a mayiko ena adzawerenge kuti ku Mchinji kuli Keziya.

Undiuzenso ngati denga la amayi munalikonza.

Ndine mlongo wako,
Timoteyo


Mudzi wa Kalonje
9 Julayi 1998

Achimwene,

Moni ndikupereka chifukwa ndinaleredwa. Tili moyo.

Kalata yanu ndinakaitenga ndekha kusukulu, ndinapita chothamanga, ndimati mwandiyankha. Ndinaitsegulira panjira, pa kamlatho paja. Nditafika pa mawu akuti nthayo ndinakhala pansi pomwepo, anthu a njinga akundilambalala. A Stefano akuti ndiyang'ane deti, makalata athu anaphonyana panjira, simunadziwe. Ndayang'ana, n'zoona. Koma kusadziwa kwanuko ndi kumene kwandionetsa zimene mumaganiza mukakhala panokha.

Kwa a Naphiri sindipita, ndipo sopo wanga sadya. Mafunso anu ndiyankha ndekha, poti mboni yoona ndi maso mwaipeza m'nyumba mwanu momwe.

Loyamba. Wanga anayamba kukhala munthu tsiku lina mu Febuluwale, ndikubandira chimanga, pamene anandiponda ndi kachidendene m'mimba. Ndinaponya khasu pansi n'kuseka ndekha m'munda ngati wamisala. Kuyambira tsiku limenelo ndikadya ndimati tikudya.

Lachiwiri ndinakuyankhani kale m'kalata ija. Werengani, mulembe bwino, musakometse.

Lachitatu. Anakuuzani ndani kuti mayi salira? Amalira, koma amalirira m'bafa, akudzithira madzi kumaso kuti wodutsa asazindikire. Ndipo pakamwa angakugwire, koma mabere sangawagwire. Malaya anga ananyowa mkaka masabata awiri, ndikuyenda nawo choncho pakati pa anthu amene akuti palibe chachitika.

Lachinayi. Benedicta ankagwira chala changa ndi dzanja lamanzere, lamanja ankalipinda pansi pa chibwano ngati nkhalamba ikuganiza za mlandu. Bere lakumanja ankalikana, kaya linamulakwira chiyani, ankafuna lakumanzere basi. Ukamukakamiza ankakwinya nkhope n'kutembenuka. Achimwene, chinthu chimene si munthu chimakana ichi n'kusankha icho? Limenelo ndi liuma, la kwathu lomweli, la inu ndi ine. Mundiuze tsiku loti ndiiwale zimenezi, ndililembe pakhoma.

Tsono nanenso ndili ndi funso, mukafunse aphunzitsi anu amene akondwawo. Mwati anthu ndiwo amapereka umunthu. Chabwino, ndavomera. Nanga ine sindine munthu? Ndinamupatsa ineyo. Bambo ake anamupatsa, anamuyang'anira pazenera poti m'chikuta salowa mwamuna, n'kunena kuti mphuno ndi ya kwawo. Tili awiri kale. Pamafunika anthu angati kuti zikwane, asanu kapena khumi? Nanga amene anaika chiwerengerocho ndani, ndikamuone?

Dzina langa musalilembe m'buku lanu. Ndili moyo, ndimadzitchula ndekha. Dzina losowa polembedwa ndi la mwana wa mlongo wanu, ndipo likufuna thabwa limodzi lokha, osati tsamba loyamba.

Denga la amayi tinakonza. Ndikudikirabe kalata ija.

Keziya


Nairobi
28 Julayi 1998

Mlongo wanga,

Pepa. Ndilibe mawu ena oyambira. Kalata yako yoyamba inandipeza pa 30 Juni, yanga ija itapita kale, ndipo ndinalakalaka kuthamangira ndege kuti ndikailande. Katatu ndinayamba kukuyankha, katatu ndinang'amba. Yachiwiri yafika dzulo. Ndaiwerenga ndili chilili, ndipo manyazi andigwira mpaka lero. Ndalira mwana wathu Benedicta. Waona, dzina lake ndalilemba.

Funso lako lakuti pamafunika anthu angati ndilibe nalo yankho. Ndatsegula mabuku onse ali pa tebulo langa, palibe limene linaliganizirapo.

Komabe undimvere, ngakhale ukwiye. Kalata yopita kwa ntchembere sindilemba pakali pano. Ine ndili kuno, iwe uli komweko. Ndikalamula kuchokera kutali, amene adzamve kuwawa ndi iwe. Azimayi omwewo ndiwo umatunga nawo madzi, ndiwo adzakugwire ukadzatenganso pakati, ndiwo adzagone pa maliro athu. Ukawachititsa manyazi, ukawauza kuti zimene achita moyo wawo wonse n'zolakwa, adzakutaya, ndipo amayi athu adzakhala pakati osadziwa kolowera. Mwambo uja sanaupange kuti akuzunze iwe. Anaupanga anthu amene anaika makanda ambiri kuposa amene ine ndawaonapo.

Ndapempha wansembe wa kuno, achita Misa ya Benedicta Lamlungu likubwerali, dzina lake litchulidwa pa guwa. Mu Disembala ndibwera kutchuthi. Tidzakhala pansi ndi amayi ndi a Naphiri, tidzakambirana bwinobwino pamaso ndi pamaso. Dikira miyezi inayi yokha. Chonde usachite kanthu ndisanafike.

Ndine mlongo wako,
Timoteyo


Mudzi wa Kalonje
11 Ogasiti 1998

Mwana wanga Timoteyo,

Ndine mayi wako. Ndikulemba ndekha, uwerenge mmene ungathere.

Kodi uli moyo? Lachisanu tinamva pa wailesi ya a Stefano kuti ku Nairobi kwaphulika bomba, nyumba zazitali zagwa, anthu ambiri afa. Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichikulowa. Ngati uli moyo tumiza telegalamu ku mishoni, mawu awiri okha akwana. Ngati wavulala usabise.

Ndikulembabe zinazi ngati uli moyo, chifukwa ndikaleka ndiye kuti ndavomera.

Mlongo wako wandiika pa moto. Kalata yako yomuuza kuti adikire anaiwerenga, anaipinda, tsiku lomwelo anatenga hamala. Wakhoma mtanda wa matabwa, walemba dzina ndi utoto wotsala wa pa chitseko, wakauzika kuseri kwa manda masanasana anthu akuona. A Naphiri ndi anzawo anauzula n'kuuponya m'dambo. Iye anakauvuula, anautsuka, anauzikanso. Anauzulanso, ulendo uno anaubisa, mpaka lero sukuoneka. Iye akuti apanga wina.

A Naphiri anena poyera kuti Keziya akadzatenganso pakati iwo sadzamukhudza. Atsikana apakati awaletsa kupita naye kuchitsime, akuti awapatsira tsoka. Ku mapemphero a mphakati akakhala pa mkeka, ena amasuntha. Ine ndikamulangiza amandiyang'ana m'maso n'kundifunsa kuti, "Amayi, khasu lija munagwira ndinu, linali lolemera bwanji?" Mwana wobereka ndekha kundifunsa zotero.

Inde ndinagwira ndine. Ndikanasiyira ndani mdzukulu wanga? Iye akuganiza kuti ndi woyamba kumva zimene akumvazo. Pamudzi pano palibe ntchembere imene sinadutsemo. Tinameza, tinamanga chitenje, tinapita kumunda. Akayamba mmodzi kulira mokweza tonse tiyamba, ndipo sindikudziwa amene adzatitontholetse. Kuseri kwa manda kuja kukati kuikidwe mitanda, sipadzapezeka popondapo phazi.

Iwe ndiwe mwini mbumba. Mulembere mwamphamvu asiye. Ndikumuopera, adzachira yekha m'nyumba popanda womugwira.

Koma choyamba tiuze kuti uli moyo.

Ndine mayi wako,
Luwiza, amake Timoteyo


Mudzi wa Kalonje
26 Ogasiti 1998

Achimwene,

Telegalamu yanu inafika pa 19. Ndathokoza Mulungu kuti muli moyo, ndipo musandimve molakwa pa zimene ndilembe pansipa. Nanenso sindinkagona.

Amayi anakulirani masiku atatu. Anakhala pakhonde miyendo atatambasula, akuitana dzina lanu, ndipo mudzi wonse unabwera kudzakhala nawo. A Naphiri anabwera ndi nkhuni. Wina anayambitsa nyimbo. Ine ndinkawaphikira tiyi anthu amenewa, ndikuyang'ana. Inu amene munali wamoyo, mukumwa tiyi wanu ku Nairobi, munaliridwa masiku atatu. Wanga amene anafadi sanapatsidwe ngakhale ola limodzi. Sindikuchitirani nsanje, ndikungokuuzani kuti muike m'buku.

Za Misa zikomo. Koma Benedicta sanagone ku Nairobi, wagona kuno pafupi ndi mkuyu. Mwati ndidikire Disembala. Mwaiwala kuti mvula imayamba Novembala? Dzenje losafika m'mawondo, m'mphepete mwa dambo, likalandira mvula ziwiri udzu umera, ndipo inu pofika ndi sutikesi yanu ngakhale ine sindidzadziwa pamene ali. Mwambowu umadalira zimenezo, kuti mayi adikire mpaka malo asoweke.

Ndiye sindinadikire. A Stefano anatenga felemu ya njinga yawo yakale, ija ankapitira nayo ku Chipata kukagulitsa mtedza, anapita nayo kwa owotcherera ku boma. Abwera ndi mtanda wachitsulo, dzina analilemba ndi moto pa kachitsulo kapakati. Akuti mkamwini alibe mawu, koma manja ali nawo. Loweruka m'mawa tinapita. Poti mwamuna safika kumalo kuja, iwo anaima pa njira n'kumakanda simenti, ine n'kumatuta pa ndowa. Maulendo asanu ndi limodzi.

Ndili pa ulendo womaliza anafika a Naphiri. Anati, "Iwe mwana, ukudziyesa wanzeru kuposa amayi ako ndi agogo ako?" Ndinati, "Iyayi, ine ndine mbuli, sindidziwa n'komwe kuti munthu n'chiyani, achimwene anga ndiwo akuphunzira zimenezo. Ndikungodziwa amene ndinamuyamwitsa." Anati, "Ukadzamva kupweteka usadzanditumire munthu." Ndinati, "Ndidzayenda wapansi mpaka kuchipatala, ndipo ndikadzachirira panjira, mwanayo ndidzamutcha dzina pomwepo mchombo uli lende." Anagwira mtanda uja n'kuugwedeza, koma simenti ya pansi inali itayamba kugwira. Anapukuta dzanja pa chitenje n'kumapita.

Amayi sakundiyankhula kwenikweni. Kuchitsime ndimapita ndekha, ndipo ndapeza kuti madzi amatungika bwinobwino popanda miseche.

Kalata ija musavutike nayo. Ndinaifuna mu Juni.

Keziya


Nairobi
3 Sepitembala 1998

Amayi,

Ndili bwino, sindinavulale. Pepani kuti munavutika mtima chifukwa cha ine.

Tsiku lotsatira bomba lija ndinapita kuchipatala china kukafunafuna mnzanga wa m'kalasi. Anamata mapepala a mayina pakhoma, ndipo anthu anali pamzere, aliyense chala pa pepala, kutsika nacho pang'onopang'ono. Mnzangayo ndinamupeza wamoyo. Koma ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Palibe amene ankafunsa ngati wakufayo anavinidwa, kapena anakwatira, kapena anabereka. Aliyense ankangofuna dzina la wake lipezeke penapake.

Mwandipempha kuti ndimuletse Keziya. Amayi, sindimuletsa. Ndinamuuza kuti adikire, ndipo ndinatero chifukwa cha mantha, osati nzeru. Monga malume a mwanayo ndikunena kuti mtanda wa Benedicta uime, ndipo wouzula adzayankhule ndi ine. Kalatayi muwawerengere a Naphiri. Sindikuwanyoza, anandilandira ndi manja awo pobadwa. Koma mwanayo ndi wa mbumba yathu.

Chigawo cha buku langa chonena za nthayo ndachichotsa. Ndiyambanso, ngakhale aphunzitsi sanakondwe.

Ndine mwana wanu,
Timoteyo


Mudzi wa Kalonje
22 Sepitembala 1998

Mwana wanga Timoteyo,

Moni. Tili bwino, mwendo wayamba kupepuka poti kwatentha. Kalata yako yafika dzana. Wayankhula ngati mwamuna, koma wachedwa, zinthu zinachitika kale iwe kulibe. Sindinawawerengere a Naphiri. Ndaiika m'buku langa la mapemphero.

Ndikuuze zimene zinachitika. Mwezi uno kuli kalembera, boma likuwerenga anthu. Kwathu kuno anatuma mphunzitsi wina wamkazi, a Wezzie, wa kumpoto, amene anabwera chaka chatha kusukulu kwathu. Anafika Lachitatu lapitalo chakumasana ndi chikwama cha mapepala. Tinamuyalira mkeka pakhonde panga, ndipo monga udziwa, mlendo wa mapepala akafika anthu amasonkhana. A Naphiri analipo, ndi ntchembere zina, akudikira kuti afike kwawo.

Anafunsa mayina, zaka, za sukulu. Kenaka anatembenukira kwa Keziya nati, "Ana amene munabereka amoyo ndi angati? Muwerenge onse, ngakhale amene analira kamodzi kokha n'kumwalira." Ntchembere zinayang'anizana. Mphunzitsiyo sankadziwa kanthu, ankangowerenga zimene zili pa pepala lake.

Keziya anati, "Mmodzi, wamkazi. Anamwalira. Dzina lake Benedicta." Mphunzitsiyo anati, "Pepani mayi. Pepalali lilibe malo a dzina lake, koma ndamva." Ndipo analemba 1. Ndinaona ndi maso anga, kamzere kamodzi koima.

Kenaka anafunsa ine funso lomwelo. Ndinati awiri, monga ndakhala ndikunenera zaka zonsezi kutchalitchi, kuchipatala ndi kulikonse. Anaweramira pa pepala kuti alembe. Ndinayang'ana kamzere ka Keziya kaja, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati, "Dikirani aphunzitsi. Lembani anayi."

Timoteyo, iwe sindiwe woyamba kubadwa. Chaka chija tinalandira ufulu ndinachira mwana wamwamuna. Anakhala masiku asanu ndi limodzi. Anali ndi tsitsi lambiri, lofika m'makutu, ndipo ankayamwa akundikanda ndi chikhadabo. Nditaona kuti akupita ndinamuthira madzi a m'chikho, ndinamutcha Mateyo. Masisitere amene anaphunzitsa Keziya ndi omwewo anaphunzitsa ine. Pakati pa iwe ndi Keziya panabwera Enoki, iye anakhala masiku awiri. Bambo ako anamwalira osadziwa kuti ana amenewa anali ndi mayina. Ntchembere zinandiuza kuti ndikalira sindidzaberekanso. Sindinalire pa Mateyo, koma Enoki anapitabe.

Mayina amenewa ndinawatchula pakhonde paja mokweza, koyamba chibadwire. Ndipo ndinalira, mwana wanga, kulira kwa maliro enieni, kochedwa ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Keziya anandigwira. Mphunzitsi uja anasokonezeka, anatseka chikwama n'kukhala nafe pansi. Palibe amene anandigwira pakamwa.

A Naphiri, itafika nthawi yoti awerengedwe iwo, anamuuza mphunzitsiyo kuti abwere mawa, mutu ukuwapweteka. Zimene anayankha mawa lakelo sindikudziwa, ndipo sindifunsa. Mtanda sanaukhudzenso. Ena sakumupatsabe moni Keziya, tsopano ndi ine ndemwe, koma kuchitsime timapita awiri.

Ukamabwera mu Disembala usatitengere nsalu. Upite ndi a Stefano kwa owotcherera aja, mukapangitse mitanda iwiri. Keziya amaopa kuti mvula imafafaniza malo. Imafafanizadi, koma osati kwa mayi. Mateyo ali mapazi khumi ndi awiri kuchokera pa mkuyu kulowera ku chulu. Enoki ali pafupi ndi mwala wosweka pakati. Chaka chilichonse ndikamapita kukadula udzu wofolerera ndimadzera kumeneko, anthu amati ndimakonda udzu wa m'dambo.

Za buku lakolo ine sindidziwa. Koma ukafuna kulemba kuti munthu n'chiyani, ubwere udzanyamule ndowa ya simenti, udzaone pamene pagona mkulu wako.

Pamudzi pano mkazi amatchulidwa ndi dzina la mwana wake woyamba. Anthu azindiitana mmene anazolowera, sindilimbana nawo. Koma pa pepala langa ndilemba ndekha.

Ndine mayi wako,
Luwiza, amake Mateyo